Miliyoni ya ku Mchinji ndi miliyoni ya ku Chipata

Ndalama za mapepala za K5,000, zija zinayamba kugwira ntchito mu 2022, mukasanja 200 mwakwanitsa miliyoni. Kamtolo kake kamalowa m'thumba la jekete osatukula n'komwe. Malipiro otsikitsitsa omwe boma la Malawi linakhazikitsa mu 2024 anali K90,000 pamwezi, kutanthauza kuti mlonda wolandira ndalama imeneyi amadutsitsa m'manja mwake ndalama yoposa miliyoni pachaka. Koma palibe amene angamutchule mpondamatiki.

Mukangowoloka malire pa Mchinji kulowa ku Chipata, miliyoni imasintha nkhope. Kwacha ya Zambia ndi ya Malawi zimafanana dzina lokha. Mu 2024 kwacha imodzi ya Zambia inkasinthidwa ndi makwacha athu oposa 60 pa mtengo wa kubanki, choncho mwini miliyoni wa ku Chipata anali ndi madola oposa 35,000 pamene mnzake wa ku Mchinji analibe ngakhale madola 600. Komabe tisawachitire kaduka msanga, chifukwa gawo lina la ulemu wa miliyoni yawoyo linachokera m'cholembera. Pa 1 January 2013 Zambia inachotsa maziro atatu pa ndalama yake, ndipo yemwe anagona ali ndi K1,000,000 anadzuka ali ndi K1,000 yogula zinthu zomwezo. Mozambique inachita chimodzimodzi ndi metical mu 2006. Zimbabwe inalowera kwina: pofika January 2009 inali itasindikiza pepala la madola 100 thililiyoni, losakwanira kugula ndiwo za sabata.

N'chifukwa chake owerengera anthu olemera padziko amayezera pa dola ya America: munthu akhale ndi chuma cha madola miliyoni imodzi atachotsa ngongole, ndipo ena sawerengera n'komwe nyumba yomwe akugonamo. M'makwacha athu, pa mtengo wa kubanki wa 2024, imeneyo inali pafupifupi K1.75 biliyoni. Wogwira ntchito wamba sangailote. Koma lilipo tsiku limodzi lomwe mphunzitsi, namwino kapena dalaivala wa pakampani amagwira mamiliyoni nthawi imodzi, ndilo tsiku lopuma pantchito. Apa ndi pomwe mayiko oyandikanawa amasiyana zenizeni.

Ku Malawi, lamulo la penshoni lomwe linayamba mu 2011 limati bwana aziika 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti. Ndalamayo imakhala m'dzina la munthuyo, ndipo zomwe adzalandire ndi zomwe zinasonkhedwa pamodzi ndi phindu lake basi. Lamulo latsopano la 2023 linakweza gawo lomwe munthu angatenge nthawi imodzi popuma kuchoka pa 40 kufika pa 50 peresenti, linafupikitsanso nthawi yodikira kwa amene ntchito yamuthera kuchoka pa miyezi isanu ndi umodzi kufika pa itatu. Theka lotsalalo wopumayo amalilandira pang'onopang'ono.

Ku Zambia, NAPSA, bungwe la boma loona za penshoni, imatenga 5 peresenti kwa wantchito ndi 5 peresenti kwa bwana, ndalama yochepa poyerekeza ndi kwathu, koma lonjezo lake ndi la mtundu wina. Amene wasonkha kwa miyezi 180, akafika msinkhu wopuma pantchito, amalandira penshoni mwezi ndi mwezi mpaka kumwalira, ndipo ndalamayo imasinthidwa chaka ndi chaka potengera malipiro a m'dzikomo. Anthu atadandaula kwa nthawi yaitali kuti ndalama yawo amangoimva mphekesera, mu April 2023 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasayina lamulo lolola munthu kutapa 20 peresenti kamodzi kokha, ngati wasonkha miyezi 60 kapena wakwanitsa zaka 45. Mizere ya kumaofesi a NAPSA masiku amenewo inasonyeza ludzu lomwe anthu anali nalo. Ku Mozambique, INSS, bungwe lawo la penshoni, imatenga 7 peresenti yokha onse awiri akaphatikiza.

Ine ndikadafunsidwa kuti ndisankhe, ndikadatenga kusonkha kwa Malawi ndi kalipiridwe ka Zambia. Theka la penshoni kulandira tsiku limodzi ndi chinthu chokoma kumva, koma tonse tikudziwa momwe zimathera. Mbiri imafika kumudzi ndalama isanalowe n'komwe mu akaunti. Mphwake akufuna fizi, mlongo denga likudontha, mlamu wabwera ndi nzeru ya minibasi. Munthu amene wakhala zaka 30 ndi choko m'manja amapezeka akulimbana ndi kondakitala pa nkhani ya ndalama ya tsiku, gearbox itafa mwezi wachitatu. Sindikunena kuti aliyense amaononga ayi. Alipo omwe amamanga nyumba za lendi kapena kugula chigayo n'kumadya bwinobwino. Koma lamulo likamapereka theka lonse m'manja, limakhala likuyembekeza kuti wopuma aliyense ndi katswiri wa bizinesi, pamene ambiri sanagulitsepo ngakhale tomato.

Nanga amene waisunga mosamala, osaikhudza? Iyeyu ndiye amandimvetsa chisoni koposa. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Yemwe anali ndi K20 miliyoni kubanki anali ndi madola pafupifupi 17,000 dzulo lake, m'mawa mwake osakwana 12,000, osatapapo ngakhale tambala. Mitengo ya zinthu ikamakwera ndi 30 peresenti pachaka monga zinalili mu 2024, ndalama yongokhala imataya theka la mphamvu zake zaka zitatu zisanathe. Chiwongoladzanja cha akaunti wamba sichifikako n'komwe, ndipo ngakhale kubwereketsa boma kwa chaka kunkabweza zocheperapo kuposa kukwera kwa mitengoko.

Anzathu a ku Zimbabwe anaziwona zimenezi mpaka kumapeto kwake. Dziko litayamba kugwiritsa ntchito dola ya America mu 2009, anthu omwe anasonkha moyo wawo wonse anauzidwa kuti penshoni yawo yasanduka timadola towerengeka. Boma linachita kukhazikitsa komishoni yofufuza mu 2015, motsogozedwa ndi Justice George Smith, ndipo mu 2019 ndalama itasinthidwanso, osunga analiranso kachiwiri. M'Zimbabwe wachikulire akakuuzani kuti amakhulupirira njerwa ndi ng'ombe kuposa pepala la kampani ya inshuwalansi, musamutsutse.

South Africa, komwe abale athu ambiri amagwira ntchito, inayesa njira yapakati. Kuyambira pa 1 September 2024 zosonkha zimagawidwa pawiri: gawo limodzi mwa atatu munthu angathe kutapako kamodzi pachaka, alipira msonkho, pamene magawo awiri amatsekeredwa mpaka tsiku lopuma, ngakhale atasiya ntchito. Koma chimene ndimasirira kumeneko si kagawidweka. Malamulo awo amalola thumba la penshoni kuika mpaka 45 peresenti ya ndalama zake kunja kwa dziko, ndiye randi ikagwa, mbali ina ya chuma cha wopuma imakwera. Kwathu, komwe dola ndi yosowa ngakhale yogulira mafuta ndi feteleza, ndalama za penshoni zimazungulira m'kati momwemuno: m'ngongole za boma, m'nyumba za maofesi, ndi m'masheya a makampani osakwana 20 a pa Malawi Stock Exchange ku Blantyre. Masheyawo akakwera, monga achitira zaka zaposachedwa, mapepala a penshoni amaoneka okongola, koma zonsezo zili m'kwacha imodzimodziyo.

Ndipo zonsezi zikukhudza okhawo olembedwa ntchito, omwe ndi ochepa m'mayiko onsewa, komanso okhawo omwe abwana awo amatumizadi ndalamayo. Banki yaikulu ya Reserve yakhala ikudandaula za olemba ntchito omwe amadula 5 peresenti ija pa malipiro koma osaipereka, ndipo wantchito amadzazindikira tsiku lomwe wapita kukafunsa za ndalama yake atapuma kale.