Kumana m'bale makiyi a galimoto si nkhanza

Ndikudziwa kuti ena munena kuti ndayamba matama, koma ndiyankhulabe. Kumana m'bale wako makiyi a galimoto si nkhanza ayi, ngakhale ife Amalawi mawu akuti "ayi" amatilemera pakamwa, makamaka wopemphayo akakhala wakuchikazi kapena wakuchimuna.

Kuno kwathu galimoto ikalowa pakhomo sikhala ya wogula yekha. Mwatenga ngongole, mwaitanitsa ka Sienta kapena ka Vitz ku Japan, katsikira ku Dar es Salaam, kalowera pa Songwe, a MRA atenga zawo, koma tsiku lomwe kafika pakhomo kasanduka ka mtundu wonse. Ndi ambulansi ya apongozi, ndi basi ya kuchinkhoswe, ndi yotuta chimanga kumudzi nthawi yokolola, maliro akagwa ndiye osanena. Ine sindidana nazo zimenezi. Ndi mmene timakhalira, ndipo amene alibe galimoto lero mwina ndi yemwe anakulipirirani fizi muli ku sekondale. Chimene ndikukana n'chakuti ubale uzitisankhira woyendetsa, uzitisankhira katundu, uzitisankhiranso nthawi yonyamuka. Ngozi zina zimene timamva kuti zachitikira pa Linthipe kapena pa Manjawira zinayambira pakhomo, injini isanalizidwe n'komwe.

Mlamu wabwera, wavula kapu mwaulemu: "Alamu, tandibwerekeni pang'ono, ndingofika pa Area 25 pompa." Laisensi alibe. Inu mukudziwa, iyenso akudziwa kuti mukudziwa. Koma poti anaphunzira pabwalo la mpira la kusukulu ndipo amatha kubwerera cham'mbuyo osagunda mtengo, ndiye kuti "amayendetsa". Mukamumana, mawa nkhani ili kwa mayi a kunyumba, mkuja ili pa gulu la WhatsApp la banja, akuti kungogula ka galimoto kamodzi basi anthu asanduka agalu. Ndiye mumapereka makiyi n'kutsala mukupemphera. Tsono akakagunda mwana wa eni pamsewu, funso loyamba la apolisi ndi a inshuwalansi ndi laisensi ya amene anali pa chiwongolero. Ikasowa, a inshuwalansi apeza pothawira, ndipo za chipatala, za bokosi, za kukhoti, zonse zikuyang'ana inu eni galimoto. Mlamu uja adzangoti, "Pepani alamu, ndi Satana ameneyu." Za ndalamazo zikhoza kutha. Koma kwinakwake kuli mayi amene mwana wake anapita kusukulu m'mawa ndipo sabweranso.

Ana athu omwe timawalekerera chimodzimodzi. Mnyamata wa Fomu 3, zaka 18 sanakwanitse, koma bambo akumutuma kuchigayo pa galimoto, akunyadira kuti mwana wanga ndi wochangamuka. Kuchigayo amakafikadi. Chimene bambo saona ndi njira imene wadzera pobwerera, anzake anayi ali kumbuyo, nyimbo zili pamwamba, wina akujambula vidiyo ya sipidomita. A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni chaka chilichonse padziko lonse, ndipo ndizo zikutsogola kupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Msinkhu womwewo umene tikuupatsa makiyi kuti ukagayitse.

Koma nkhani imene imandidya mutu kwambiri ndi ya kumaliro, chifukwa kumeneko kukana kumaoneka ngati ufiti. Mwambo watha, adzukulu amaliza ntchito yawo kumanda, anthu asamba m'manja, nsima yadyedwa. Inu mukutsanzika. Pofika pamene munaimika galimoto, mwapeza anthu aima kale mozungulira, aliyense ndi kachikwama kake. Azakhali akutsikira pa Dedza. Msuweni akupita ku Kawale. Mayi wina amene simukumudziwa n'komwe akuti, "Ine ndingotsikira pa Nathenje, mwanayu ndimufukata." Kubuti alongedza kale thumba la chimanga, la mbatata, mtolo wa nzimbe watulukira pawindo, nkhuku yamangidwa miyendo ili pansi pa mpando. Galimoto ya malamba 5 yanyamula anthu 9. Kumbuyo yakhala pansi, matayala akukhula bodi pa hampu iliyonse, mphuno yaloza kumwamba moti usiku magetsi anu akuwalira m'maso mwa amene akubwera kutsogolo ngakhale mwadima. Mabuleki amene anapangidwira anthu 5 tsopano akulimbana ndi mudzi wonse, matayala akutentha. Ndiye mukaimitsidwa pa rodibuloko n'kumadandaula kuti apolisi alibe chisoni ndi anamfedwa.

Za mwana wofukatidwayo ndiimepo pang'ono. Mayi aliyense amakhulupirira kuti chinachake chitachitika amugwira mwamphamvu. Sizitheka. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola ikagunda chinthu n'kuima mwadzidzidzi, mwana wa makilogalamu 10 amachoka m'manja ndi mphamvu ngati ya matumba angapo a chimanga a makilogalamu 50 aponyedwa nthawi imodzi. Palibe mkono wa mayi umene ungagwire zimenezo. Kutsogolo ndiye koopsa koposa, chifukwa airbag, thumba la mpweya lotetezera pa ngozi lija, imaphulika ndi mphamvu yoti iteteze chifuwa cha munthu wamkulu, osati mutu wa khanda. Komabe m'tauni muno tsiku lililonse timaona bambo akuyendetsa mwana ali pamiyendo, timanja tili pa chiwongolero, amayi akujambula kuti aike pa Facebook. Mipando ya ana ndi yodula, ndikuvomera, ngakhale ya kaunjika imapezeka. Koma kumukhazika mwana kumbuyo, kumumanga lamba ndi kutseka loko ya ana pachitseko sikulira ndalama.

Lamba nayenso tinamusandutsa wa apolisi. Timamukoka tikaona yunifolomu patsogolo, tikadutsa n'kumumasula. Ena amachita kumumangira kumsana kuti kabelu kasiye kusokosa. Okhala kumbuyo ndiye amaona ngati lamba sawakhudza, chonsecho galimoto ikagunda, munthu wakumbuyo wosamanga ndi amene amauluka n'kuphwanya khosi la woyendetsa amene anamanga. Lamba amachepetsa mpata wa imfa ndi pafupifupi theka kwa okhala kutsogolo. M'galimoto mwanga, wina akapanda kumanga lamba sitinyamuka, kaya ndi abusa kaya ndi ankhoswe.

Tibwerere kumaliro kuja. Woyendetsayu usiku wathawu anachezera pa siwa, m'mawa anathamanga za bokosi, masana anali padzuwa kumanda. Tsopano dzuwa lapendeka, koma akuti anyamukabe chifukwa mawa ndi Lolemba, kuntchito. Aliyense amene anayendapo pa M1 usiku akudziwa zimene zili kumeneko: njinga zonyamula makala zopanda chowala chilichonse, ngolo, anthu ovala zakuda akuchokera kumowa, mbuzi, kabaza wopanda nyali yakumbuyo, thiraki yofera pakati pa msewu imene m'malo mwa matrayango aika nthambi za mtengo, ndi galimoto za diso limodzi zimene umayesa njinga yamoto mpaka itafika pafupi. Mu June ndi July onjezanipo chifunga cha pa Dedza ndi Bembeke. Zonsezi zimafuna maso ogalamuka, ndipo tulo sitichita kugogoda. Kutafuna chingamu, kutsegula windo, kukweza wailesi, zonsezo n'zonamizana. Wagona masekondi awiri okha pa liwiro la 100, galimoto yayenda mamita oposa 50 yopanda woyendetsa. Gonani konko, imbirani abwana foni, nyamukani m'mamawa kukuyera. Bwana wokana kumvetsa za maliro m'Malawi muno ndi wosowa, ndipo amene alipoyo kalata yochenjeza ndiye mapeto a ukali wake.

Masekondi awiri omwewo ndi amene timathera pa foni. "Ndafika pa Zalewa, tereka madzi." Meseji imeneyi ikanatha kudikira, kapena akanailemba amene wakhala pambali panu.

Za liwiro timakonda kunamizira minibasi ndi Sienta za matola, koma nafenso a galimoto za pakhomo tili momwemo. M1 imadutsa pakati penipeni pa misika. Pa Lizulu tsiku la msika, kabichi, mbatatesi ndi tomato zili m'mphepete mwenimweni mwa tara, amayi akuthamangira basi imene yaima, ana akuwoloka ndi mabeseni pamutu osayang'ana. Pa Tsangano Turn-off, pa Kampepuza, pa Lunzu, chimodzimodzi. Amene amakumbukira thiraki imene inalowa mumsika pa Kampepuza mu 2019 akudziwa zimene zimachitika galimoto ikalephera kuima pamalo otere. Chikwangwani cha 50 sanachiikire kuti apolisi a kamera apezepo ya fanta. Tawerengerani nokha: kudutsa kilomita imodzi ya msika pa 50 kumatenga masekondi 72, pa 100 masekondi 36. Mwapindula masekondi 36 okha. Koma liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woti mabuleki aimitse galimoto umawirikiza kanayi, ndipo munthu wapansi wogundidwa pa liwiro limenelo kawirikawiri sadzuka. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika, ndipo pa ulendo wa Lilongwe mpaka Blantyre amene anakupitirirani mwaukali pa Ntcheu mumakamupeza ali pamzere pa tolgeti ya Chingeni, galimoto ziwiri patsogolo panu.

Kupitirira anzathu pakona kapena pachitunda chifukwa amene ali patsogolo wakuyatsirani indiketa kuti "bwerani", kumeneko n'kupereka moyo wa banja lanu kwa munthu amene simukumudziwa. Ngati simukuona nokha, dikirani.

Mowa sindinenapo zambiri chifukwa tonse tikudziwa. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti amene amati "ine ndikamwa awiri m'pamene ndimayendetsa bwino" ndi yemwenso timamupatsa ana kuti awatule kunyumba ukwati ukatha, perekaniperekani atatha, iye ali dzandidzandi. Azimayi, tengani laisensi. Pakhomo pamene pali galimoto imodzi pakhale oyendetsa awiri ovomerezeka, kuti wina akamwa kapena akatopa pasakhale chonamizira.

Galimoto yomweyo nayo imafuna chakudya chake, ndipo apa m'pamene umphawi wathu umationetsa zakuda. COF, pepala lovomereza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, kukhala pagalasi sikutanthauza kuti galimoto ili bwino, makamaka ngati pepalalo linabwera galimoto ili m'galaja pamiyala. Matayala ndi amene ndimawaopa kwambiri. Galimoto zina zimabwera kuchokera ku Japan ndi matayala oyendera pa chisanu, ofewa, amene pa tara wotentha wa ku Salima kapena ku Chikwawa mu October amatha msanga. Ena timagula a kaunjika poona kuti mano akadalipo. Tayang'anani m'mbali mwa tayala, pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2316 ndiye kuti sabata ya 23 chaka cha 2016. Tayala lokalamba limauma n'kuchita ming'alu ngakhale mano akuoneka, ndipo limaphulika tsiku limene mwanyamula katundu wambiri pa liwiro lalikulu. Mpweya muziyeza m'mawa matayala asanatenthe, osaiwala la sipeya, limene ambiri timalikumbukira tili kale pakati pa tchire usiku. Mvula yoyamba ya mu November isanagwe, onani mawaipa ndi mabuleki, poti tara amene wamwa fumbi ndi oyilo chilimwe chonse amaterera koopsa tsiku loyambalo.

Kusowa kwa mafuta kwatiphunzitsanso nzeru zina zoipa. Ena potsetsereka amaika giya pa free, ena amachita kuzimitsiratu injini kuti apulumutse petulo. Pa Khwekhwerere potsikira ku Golomoti kapena pa Chiweta, kumeneko n'kudziika m'bokosi wekha. Injini ikazima, mabuleki amauma ndipo chiwongolero chimalimba. Ukatsika phiri lonse phazi lili pa buleki popanda giya yogwira, mabuleki amatentha n'kusiya kugwira ukadali pakati pa makona. Ikani giya yotsika, injini ikuthandizeni, ndipo ngakhale otomatiki ili ndi 2, L kapena B pa ntchito yomweyo. Zigubu za petulo m'buti, ana ali pampando wakumbuyo mawindo otseka, zimenezonso tisiye.

Tsono wina afunsa kuti m'bale akapempha tizingomuthamangitsa? Ayi. Ngati ndi matenda, ndimadzuka ndekha ngakhale pakati pa usiku n'kukamutula kuchipatala. Ngati ndi ulendo wamba ndipo ndilibe mpata, ndimamupatsa ya basi kapena ya kabaza. Wa laisensi amene ndamuonapo akuyendetsa ndimamubwereka, koma timagwirizana kumene akupita, amene anyamule ndi nthawi yobwera, komanso kuti matola ayi, chifukwa inshuwalansi ya galimoto ya pakhomo si yonyamulira anthu olipira. Kumudzi ndimanena ndikangofika kuti malo otsala ndi awiri, akuluakulu asankhe okha amene akwere, chimanga chibwere pa lole. Poyamba azakhali anakwiya mpaka kukana moni. Pano akamva kuti ndikubwera amayamba okha kuuza anthu kuti galimoto ya mwana wa achimwene sikwera anthu ambiri, ndipo mpando wakutsogolo amakhala atausungitsa kale.