Buku la phonics lidikire, khutu la mwana liyambe lakhwima

Makolo anzanga amene mukuphunzitsa ana pakhomo kuno ku Harare, funso lija labweranso m'magulu athu a WhatsApp: mabuku a phonics olembamo aja tiwayambe mwana ali ndi zaka zingati? Ine maganizo anga ndi akuti wa zaka 3 kapena 4 sakufunika buku lotero. Ana ambiri amakonzeka chapakati pa zaka 5 ndi 6, ndipo ngakhale pamenepo muziyang'ana zimene mwanayo akutha kuchita.

Chimene chimatithamangitsa ndikuchidziwa. Mwana wa aneba ali ku ECD A, kalasi yoyamba ya sukulu ya mkaka, ndipo akubwera ndi homuweki. Azakhali akafika kuchokera ku Mabvuku kapena ku Mufakose amafunsa kuti, "Nanga uyu akuphunzira chiyani pakhomo pano?" Ndiye mtima umafuna pepala loti uonetse. Mabukuwo nawonso ali mbwee m'mashopu ndi m'mphepete mwa misewu m'tauni.

Komatu phonics ndi kulumikiza liwu limene khutu lamva ndi lembo limene diso laona. Liwu ndilo limayamba. Mwana amene sanayambe kumva kuti "mbuzi" ndi "mbale" akuyamba mofanana, mukamupatsa buku amangolondola timadontho ndi pensulo. Tsamba lidzadza bwinobwino, inu mudzasangalala, koma kuwerenga kusanayambe n'komwe. Muyeseni chonchi: kodi angaombe m'manja maphatikizo a dzina lake? Mukanena pang'onopang'ono kuti "ga... lu", angakuuzeni kuti ndi galu? Angakupatseni mawu ena oyamba ngati "mama"? Zonsezi zimachitika mukusenda mbatata kapena muli mu kombi, popanda pepala.

Ife tili ndi nkhani ina imene olemba mabukuwa sanaiganizire. Ana athu akukula ndi zilankhulo zitatu: Chichewa m'nyumba, Chishona panja posewera, Chingerezi pa TV ndi m'mabuku. Buku limajambula galu n'kufuna kuti mwana alembe "d". Mwana wathu akaona chithunzicho m'mutu mwake mumabwera "galu" kapena "imbwa". Alemba "g", inu mumuchonga kuti walakwa, chonsecho wamva liwu molondola kwambiri. Izi zimandipweteka mtima, chifukwa mwana wochenjera amayamba kudziona ngati mbuli pa chinthu chimene wakhoza.

Onjezani apo kuti Chingerezi chili ndi malembo 26 koma maliwu pafupifupi 44. Khutu lozolowera a, e, i, o, u limavutika kusiyanitsa "cat" ndi "cut", ndipo ife Achewa "l" ndi "r" timawasinthanitsa osamva kuti tasintha kanthu. Buku silitulutsa mawu, ndiye silingakonze zimenezi. Zimafuna munthu wonena, mwana n'kumvetsera, n'kubwereza.

N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti mwana ayambe kuphatikiza m'chilankhulo chimene amalota nacho. Chichewa ndi Chishona zimalembedwa pafupifupi momwe zimamvekera. Mwana akagwira ba, be, bi, bo, bu ndi ma, me, mi, mo, mu, sachedwa kuwerenga "baba" ndi "mama" payekha, ndipo luso lophatikizalo amapita nalo ku Chingerezi. Malamulo a dziko lino a 2013 amachiwerengera Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ngakhale mabuku a ana a Chichewa ndi osowa m'mashopu a Harare. Dulani makatoni mulembepo nokha maphatikizo, kapena tumani wachibale wobwera pa basi yodzera ku Nyamapanda akutengereni buku la Sitandade 1 kumudzi.

Amene mukuopa kuti mwana atsalira, taonani kwa eni Chingereziwo. Ku England, kuyambira 2012, ana amayesedwa phonics kumapeto kwa Year 1, ali ndi zaka pafupifupi 6, ndipo mayesowo ndi kuwerenga mawu 40 mokweza pamaso pa mphunzitsi. Salemba kanthu. Ku Finland kalasi yoyamba amailowa ali ndi zaka 7. Kuno kwathu Grade 1 ndi ya zaka 6. Nanga ife tikuthamangira kuti ndi khanda la zaka 3?

Zala nazo zimafuna nthawi. Aumbe dongo, asankhe nyemba, alembe ndi chala pamchenga kapena ndi khala pasimenti.

Nthawi ikakwana, bukulo libwere ngati chobwerezera zimene mwaphunzira kale pakamwa. Tsamba limodzi, mphindi zochepa, inu muli pambali pake. Sankhani loyamba ndi malembo ochepa opanga mawu msanga, monga njira yophunzitsira kuwerenga ya Jolly Phonics imayambira ndi s, a, t, i, p, n, kusiyana ndi longoyenda kuchokera pa A mpaka Z. Akayamba kulira kapena kubisa pensulo, litsekeni kwa milungu ingapo mubwerere ku masewera a pakamwa.

Sindikunena kuti muzingokhala. Wa zaka 4 akaloza lembo papaketi ya buledi n'kufunsa, muyankheni ndi mtima wonse. Ndipo ngati wafika zaka 7 maliwu akumusokonezabe ngakhale mukuyesetsa, pitani naye kuchipatala akamuone makutu ndi maso musanagule buku lina.