Fupa lochita kupanga limafunika timabowo

Nkhani ina imene ndawerenga yanena kuti zipangizo zopangidwa mu labotale zingalowe m'malo mwa fupa limene madokotala amadula m'chiuno mwa wodwala kuti adzaze pamene pathyoka, ndipo ndikugwirizana nazo, chifukwa bala la m'chiunolo limawawa kwa nthawi yaitali. Komabe sinatsindike za timabowo tofunika kukhala m'kati mwa zipangizozi, pamene nkhani yagona pamenepo. Hydroxyapatite, mchere wa calcium umene ulinso m'mafupa athu, akauumba wothinana ngati njerwa yowotcha, mitsempha ya magazi imasowa polowera ndipo fupa latsopano silimeramo. Akachulutsa timabowoto, chipangizocho chimafooka moti sichingasenze thupi. Ngakhale Bioglass, galasi limene Larry Hench anapanga mu 1969, limamatirira bwino kufupa koma silichedwa kusweka, n'chifukwa chake pa mwendo wothyoka madokotala amaikabe chitsulo chochirikiza.