Ukapita ku Verdun, yamba waona mafupa

Maganizo anga ndi akuti munthu wopita kukaona malo amene panachitikira nkhondo ya Verdun, kumpoto chakum'mawa kwa France, asathamangire kulowa m'myuziyamu. Ayambire panja. Ena anditsutsa, ndikudziwa, poti myuziyamuyo, Mémorial de Verdun, ndi nyumba yokonzedwa mwaluso: anaitsegula mu 1967, n'kuikonzanso mu 2016 pokumbukira kuti patha zaka 100. Koma galasi limanyenga. Mfuti ikapukutidwa n'kuikidwa powala, yunifolomu ikasitidwa bwino, zimayamba kusiririka. Mumva anyamata akuti "eee, taonani mzinga uwu!" kwinaku akujambulitsa. Amatuluka atadziwa dzina la mfuti, koma zimene mfutiyo inachita sanazione.

Zimenezo zili kunja. Nkhondoyi, imene inali mbali ya Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse, inabuka pa 21 February 1916, inatha pa 18 December chaka chomwecho. Miyezi 10 yathunthu asilikali a France ndi a Germany akulimbirana zitunda zowerengeka, ndipo anafa anthu pafupifupi 300,000, osawerengera ovulala. Mabomba anagwa mamiliyoni ambirimbiri, moti mpaka lero nthaka yake ndi maenje okhaokha. Mitengo anabzala nkhondo itatha, udzu unamera, koma ukalowa m'nkhalangomo phazi silipeza posalala. Ndipo usapatuke m'njira, mabomba osaphulika akadalimo m'dothi.

Malo amene amandikhudza kwambiri ine ndi Fleury-devant-Douaumont. Unali mudzi wa anthu oposa 400. M'chaka chimodzicho analandana ka 16, lero ali nawo Afalansa, mawa Ajeremani, mpaka sipanatsale khoma ngakhale limodzi. Tsopano umayenda m'kanjira pakati pa mitengo, n'kumawerenga timiyala toimika m'mbali: apa panali sukulu, apa famu, apa golosale. Basi. Mudziwu sanaumangenso, ndipo mulibe wokhalamo, komabe boma limausankhirabe meya. Poyamba zimamveka ngati nthabwala, koma ukaima pamalopo sungaseke.

Ukachoka apo upite ku nyumba yosungiramo mafupa ya Douaumont, ija ili ndi nsanja yotalika mamita 46. Ambiri amajambula kumaso kwake n'kumapita. Zungulira kuseri. M'munsi mwa khoma muli timawindo ting'onoting'ono, kuti usuzumire uyenera kuwerama. M'katimo muli zigaza ndi mafupa a miyendo zounjikidwa ngati nkhuni, za anthu pafupifupi 130,000 osadziwika maina. Anazitola m'matope nkhondo itatha, ndipo panalibe njira yodziwira kuti uyu ndi Mfalansa, uyu ndi Mjeremani. Anangowaika pamodzi.

Kutsogolo kwake kuli manda oposa 16,000. Si onse a mtanda. Chigawo china n'cha Asilamu pafupifupi 600, miyala yawo yoloza ku Mecca, anyamata otengedwa m'maiko amene France inkalamulira. Pamene Afalansa ankalandanso linga la Douaumont pa 24 October 1916, Asenegali ndi Asomali anali nawo pankhondopo. Chipilala chokumbukira asilikali achisilamu chinadzamangidwa mu 2006. Werengani nokha zaka zimene zinadutsapo.

Ukaona zonsezi, loweno m'myuziyamu muja, uona kuti zinthu zomwe zija zayamba kulankhula. Kabotolo kachitsulo kotungira madzi, kophwanyika m'mbali, sungakadutse. Ukumbukira za linga la Vaux, kumene Raynal, mtsogoleri wa Afalansa m'lingamo, ndi asilikali ake anagonja pa 7 June 1916 madzi atawathera, ena atafika ponyambita chinyontho cha m'makoma. Galimoto yakale ija uyiona ndi diso lina ukadziwa kuti magalimoto otere ankayenda usana ndi usiku pamsewu wochokera ku Bar-le-Duc, kututa anyamata amoyo popita, kubwera ndi ovulala. Makalata opita kwa amayi awo, olembedwa ndi pensulo, uwawerenga mosathamanga ngakhale chinenerocho sukuchimva bwino.

Pali mawu amene alendo amakonda kulemba m'mabuku a malo ngati awa, akuti zipilala zimatiphunzitsa kuti nkhondo isadzachitikenso. Ndimafuna nditavomereza. Chithunzi cha François Mitterrand ndi Helmut Kohl, atsogoleri a France ndi West Germany panthawiyo, atagwirana manja pamalo omwewa mu September 1984 n'chokoma, sindikana. Koma nyumba ya mafupa ija anaitsegula mu 1932, anthu amene anamenya nawo nkhondoyo akadali moyo, amasiye akubwera kudzalira. Mu June 1940 asilikali a Germany analowa mu Verdun, mwina ena mwa iwo ana a anthu amene mafupa awo ali kuseri kwa timawindo tija.