Ku Decorah amanyadira makolo awo a ku Norway, koma malowo anali ndi eni ake

Kumpoto chakum'mawa kwa Iowa, ku America, kuli dera lakumudzi lotchedwa Winneshiek County. Anthu ake ndi pafupifupi 20,000 basi, kwinaku ndi minda ya chimanga ndi makola a ng'ombe. Koma kumapeto kwa July kulikonse, kuyambira 1967, tauni yawo ya Decorah imadzaza alendo pa chikondwerero cha Nordic Fest. Amavala zovala za makolo awo zotchedwa bunad, amavina mumsewu, amaphika lefse, kamkate kopyapyala ka mbatata ya kachewere kokhala ngati chapati. Mu 2011 Mfumu Harald ya ku Norway inafika komweko kudzawaona.

Ine anthu amenewa ndimawachitira nsanje, sindibisa. Anayamba kutolera katundu wa makolo awo mu 1877 pa Luther College ku Decorah komweko, ena mwa obwera kuchokera ku Norway akadali moyo, ndipo ndi mmene inayambira nyumba yosungiramo zakale ya Vesterheim. Muli mabokosi amatabwa amene anthu anawolokera nawo nyanja, olembedwa dzina la mwini wake ndi chaka, ojambulidwa maluwa pamwamba. Panja pali kanyumba ka mitengo ka banja la Egge, mamita 4 m'lifupi ndi 5 m'litali. M'menemo, kuyambira December 1853 mpaka March 1854, munkagona bambo, mayi ndi ana awo awiri, kuphatikizapo m'busa watsopano, a Ulrik Vilhelm Koren, ndi akazi awo a Elisabeth, atangokwatirana kumene. Anthu asanu ndi mmodzi, chisanu cha ku Iowa chili pachimake, potulukira palibe. Mayi Koren ankalemba zochitika za tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake lero tikudziwa mmene ankapanikizirana.

Makolowo sanachoke kwawo chifukwa chokhuta. Ku Norway malo olimika ndi ochepa kwambiri, kwina konse ndi miyala ndi mapiri, ndipo munda unkapita kwa mwana wamwamuna woyamba. Otsatirawo azionere okha. Ngalawa yoyamba, Restauration, inanyamuka ku Stavanger mu 1825 ndi anthu 52, ndipo m'zaka 100 zotsatira anthu pafupifupi 800,000 anatsata njira yomweyo. Ku America boma linkagulitsa malo pa $1.25 pa ekala. Munthu amene kwawo ankalimira ena kuti apeze pogona, ndani akanakana?

Koma abale anga, pamene ndimatsutsana ndi okonda kunena kuti anthuwa anatsegula tchire ndi apa. Anthu a ku Norway oyamba anafika ku Washington Prairie, kufupi ndi Decorah, mu 1850. Zaka ziwiri zokha m'mbuyomo, mu 1848, asilikali anali atasamutsa a mtundu wa Ho-Chunk, eni nthaka amene azungu anawapeza ku America, pamalo omwewo n'kuwapititsa ku Minnesota. Ndipo kumeneku sikunali kusamutsidwa koyamba. Kwawo kwenikweni kunali ku Wisconsin, boma linawakankhira ku Iowa mu 1840 n'kumanga linga la Fort Atkinson loti liziwayang'anira. Ku Minnesota nakonso sanakhalitse: 1855 anawasunthanso, 1863 anawatengera ku Crow Creek ku Dakota kumene njala inapha ambiri, mpaka otsalawo anathawira ku Nebraska. Winneshiek ndi Decorah, mayina amene ali pa zikwangwani zonse za m'deralo, ndi mayina a mafumu a anthu ochotsedwawo.

Sindikunena kuti mlimi wosauka wochokera ku Norway ndiye anagwira mfuti. Iye anapeza malo akugulitsidwa, anagula, anagwetsa mitengo, anaika ana ake m'manda m'dothi lomwelo. Thukuta lake ndi loona. Koma mtengo wa $1.25 uja unatsika chonchi chifukwa wina anali atalipira kale ndi mudzi wake. Wofotokoza mbiri ya deralo akayambira 1850, wadumpha chimene chinachititsa kuti 1850 itheke.

Chodabwitsa n'chakuti ochokera ku Norway nawonso anadzalawako chibakera cha boma. Mu 1918, nkhondo ili mkati, bwanamkubwa wa Iowa, William Harding, analetsa kulankhula chinenero chilichonse chachilendo pagulu, kusukulu, kutchalitchi, ngakhale pa telefoni. Chinoweji chinayamba kufota kuyambira nthawi imeneyo. Nyuzipepala yawo, Decorah-Posten, imene inayamba mu 1874, inalimbikira mpaka 1972 owerenga atatha ndi ukalamba. Zidzukulu zinatsala ndi lefse ndi bunad, chinenero chinapita.

Ndiye anthu odziwa kuwawa kolandidwa chinenero sangavutike kumvetsa wolandidwa malo. A Ho-Chunk alipo mpaka lero, ena ku Wisconsin, ena ku Nebraska, ali ndi maboma awoawo. Maganizo anga ndi akuti pa chikondwerero ngati chimenechi, mfumu ya a Ho-Chunk iziyamba ndiyo kulankhula ng'oma zisanalire, pakuti tauniyo ikuyendera dzina la agogo ake.