Inu odzipakira zipolopolo, maso muli nawo angati?

Sabata yathayi mnyamata wina wa kuno ku Furancungo wabwerako kuchigwa cha Zambezi atamanga nsalu kudiso. Zipolopolo za mfuti ya .30-06 anadzipakira yekha mu Juni, kuli chisanu, n'kuziyesa kawiri kokha. Wapita nazo kuchigwa mwezi uno wa Okutobala, tsiku lonse zili padashibodi ya galimoto. Kungoombera kamodzi, pulayima, kachitsulo ka patsinde pa chipolopolo kamene kamayatsa wonga, yaphulika, mpweya wamoto wabwerera kumaso. Boluti, chitsulo chotsekera chipolopolo m'mfuti, yakana kutseguka, iye n'kuyamba kuigogoda ndi mwala. Mwala, abale!

Kodi mukuyesa wonga sumva dzuwa? Ku Ulongwe ndi ku Tsangano m'mawa wa Juni anthu amaotha moto. Ku Tete, Mágoè ndi Zumbo nyengo ino kumatentha kupyola madigiri 40, ndipo m'galimoto yotseka magalasi ndiye ng'anjo yeniyeni. Muyeso wa wonga umene unali m'malire kumapiri kuno, kuchigwa wadutsa kale malire. Ngati mudzasakira kotentha, yeserani kotentha, kapena siyani mpata pansi pa muyeso womaliza. Chovuta n'chiyani pamenepa?

Buku la miyeso limakupatsani poyambira ndi pothera. Inu mumalumphira pothera, ati kuti mfuti ilire mwamphamvu. Ikalira mwamphamvu ndiye kuti ikulunjika? Yambani pa muyeso woyambira wa m'bukumo. Ngati alemba wothera wokha, tsikani ndi 10 peresenti. Kwerani ndi theka la grain basi, grain ndiye kamuyeso koyezera kulemera kwa wonga. Pa muyeso uliwonse pakani zipolopolo zitatu kapena zisanu, muombere pa mamita 100 mfuti itatsamira pa thumba la mchenga, mpope uzizire musanapitirize. Muyeso wabwino ndi umene mabowo ake aunjikana pamodzi papepala, ndipo kawirikawiri umapezeka musanafike pothera. Mukasintha wonga, pulayima, mtundu wa chigoba kapena mutu wa chipolopolo, bwererani pansi muyambirenso. Inde, ngakhale mutu watsopanowo ukulemera chimodzimodzi ndi wakale.

Ndipo mfuti imachenjeza, koma inu makutu munatseka. Pulayima yaphwatalala mpaka m'mphepete mwake mwafafanizika. Pamene pini ya mfuti yamenya pulayima patukuka kamlomo. Patsinde pa chigoba paoneka kachizindikiro konyezimira. Boluti ikulimba poitukula. Chimodzi chokha mwa izi chikaoneka, imani, mumasule zotsalazo. Nanga mumati tiombereko chimodzi tione, muone chiyani?

Za sikelo ndiye zimandiwawa mutu. Wina akuyezera wonga pa kasikelo ka ogula golide, kowerenga magalamu, pomwe buku lalemba ma grain. Galamu imodzi ndi ma grain 15.4, ndiye kulakwitsa kwake mukukuona kukula? Wina akutunga ndi kasupuni ngati akuthira wonga mu gogodela ya agogo ake. Wina wathira wonga wotsala m'botolo la mankhwala lopanda dzina, mwezi wamawa aziti ndikuuzindikira ndi maso. Wonga wa pisitolo ukalowa m'chigoba cha mfuti yaikulu, mfutiyo imasanduka bomba m'manja mwanu. Patebulo pazikhala chitini chimodzi chokha, ndipo fodya akhale panja.

Zigoba nazo mumangotola m'tchire. Mkuwa umatalika nthawi iliyonse mukaombera. Chigoba cha .30-06 chisapyole mamilimita 63.3, chikapyola, khosi lake limapanikiza mutu wa chipolopolo ndipo mphamvu imakwera mosadziwika. Yezani, dulani. Chokhala ndi mzere wowala pafupi ndi tsinde chatsala pang'ono kuduka, tayani. Musanaike mitu, unikani ndi tochi chigoba chilichonse. Chopanda wonga chimasiya mutu utatsamwa mumpope, chotsatira n'kung'amba mfuti. Mukamva kulira kofooka, chotsani boluti musuzumire mumpope.

Inu osaka njati amene mukupanikiza wonga m'chigoba cha .458 Winchester Magnum, simunamve? Zipolopolo zoyamba za mfuti imeneyi, imene inatuluka mu 1956, zinkavuta kotentha chifukwa wonga wopanikizika unkagwirana n'kuyaka mosadalirika. Jack Lott, mlenje wa ku America, anavulazidwa ndi njati m'dziko lathu lino la Mozambique mu 1959 ali ndi mfuti yomweyi, ndipo mu 1971 anatulutsa .458 Lott ya chigoba chotalikirapo kuti wonga upeze malo. Fakitale inaphonya, ndiye inu ndi kasupuni kanuko?

Pabokosi lembani wonga, muyeso, pulayima, mutu, utali ndi tsiku. Ndipo musabwereke zipolopolo zimene mnzanu anapakira mfuti yake. Magalasi oteteza maso mwaasiya kuti? Kavaleni, msanga.