Digiri ili m'sutikesi, mwini wake ali pa kabenchi

Dzulo ndinakhala ola lathunthu pa kabenchi ka mng'ono wanga ku Area 25, pomwe amatumizira anthu ndalama za pa foni. Ambulera yotha utoto, tifoni tiwiri, ndi kabuku kolembamo manambala komwe kada ndi thukuta la m'manja. Mwana ameneyu anamaliza digiri ya zaulimi ku Bunda zaka zinayi zapitazo. Tsiku lolandira pepalalo amayi analuluta mpaka mawu kusasa, poti mbuzi zawo zinathera fizi yomweyo. Lero pepala lija lili pansi pa sutikesi, m'pulasitiki, kuopa chinyontho.

Sikuti anangopinda manja ayi. Ma envelopu a khaki amene wayenda nawo m'maofesi ndinasiya kuwerenga. Kwina anamuitana ku intavyu, n'kukapeza mzere wafika kumsewu pomwe malo anali awiri okha. Kwina akuti akufuna munthu wogwirapo ntchito zaka zisanu. Azipeza kuti zaka zimenezo ngati palibe womutsegulira chitseko choyamba?

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi mawu aja akuluakulu amakonda pa nsanja, akuti achinyamata dzilembeni nokha ntchito. Ndi mpamba uti? Kubanki amafuna chikole, ndipo mwana wa mlimi wa kumudzi alibe nyumba kapena galimoto yopinyolitsa. Mng'ono wanga uja anayesa kuweta nkhuku ndi kandalama kobwereka kwa malume. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, pamwamba pa 25 peresenti ya mu May 2022, chakudya cha nkhuku chinakwera moti khola linatsekedwa anapiye achiwiri asanalowe. Amene amanena mawu amenewa ambiri a iwo akhala pa malipiro a pamwezi moyo wawo wonse.

Masukulu aukachenjede tachulukitsa, ndipo ndi bwino. MUST, yophunzitsa za sayansi ndi ukadaulo, inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, University of Malawi inagawidwa mu 2021 n'kubala MUBAS (ya zamalonda ndi zaumisiri) ndi KUHeS (ya zaumoyo), osawerengera makoleji omwe si aboma. Chaka chilichonse magauni akutuluka, koma mafakitale oti awalandire sakuwonjezeka. Soya ndi mtedza tikutumizabe kunja zosakonza, pomwe ana amene anaphunzira kuzikonza akupalasa kabaza. Mu 2020 tinalonjezedwa ntchito 1 miliyoni. Pofika kumapeto kwa 2023 tinali kuperekeza achinyamata pa bwalo la ndege kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, nkhondo ya ku Gaza ili mkati.

Ine sindinyoza geni, imadyetsa anthu. Chimene ndikukana n'kumuuza mwana kuti vuto ndi ulesi wake.

Ndisananyamuke ndinamufunsa ngati akulembabe makalata. Anangoti, "Akulu, ya fotokope yomweyo ndimagulira ndiwo." Kenaka kunabwera mayi wina kudzatapa K5,000, iye n'kutsegula kabuku kaja.